ZA PAKHOMO: Matimati a m'cirimwe, dowe wa m'dzinja

Caka ciri conse m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene madimba abereka, matimati amaculuka koposa anthu owagula. M'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, monga pa Nyimba, pa Sinda ndi pa Katete, amai amakhala tsiku lonse padzuwa ndi milu ya matimati ofiira, ndipo madzulo ambiri a iwo amabwerera nao kumudzi. Tsiku lacitatu matimatiwo amayamba kufewa, ndipo sabata isanathe amatsanulidwa m'khola la nkhumba. Thukuta la miyezi itatu ya kutunga madzi ndi kuthirira limathera pamenepo.

Pofika Januwale ndi Febuluwale zinthu zimatembenuka. Mvula imabweretsa matenda pa masamba a matimati, mbeu zambiri zimafota zisanabale, ndipo mtengo wake umakwera kotero kuti banja lomwe lija linataya matimati m'cirimwe limaphika ndiwo za madzi ndi mcere wokha. Komatu imeneyi ndiyo nyengo imene minda imatulutsa dowe, maungu, therere lobala, impwa, mabilingano ndi tsabola. Kumapeto kwa Febuluwale, pamene Angoni asonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala ndipo Mfumu yaikulu Mpezeni ilawa zoyamba kucha za m'munda, pakhomo pali ponse pamakhala pakununkhira cimanga coocha.

Nkhani ya sabata ino ndi ya njira yokumanitsira nyengo ziwirizi. Njirayo ndi msuzi wolimba wa matimati, wowawasa ndi wotsekemera, umene umapakidwa pa ndiwo zoochedwa pamakala. Banja lingaupange lokha, lingasunge zopangira zake kwa miyezi ingapo, ndipo umasandutsa zoocha kukhala ndiwo zenizeni zodyera nsima.

Kumene msuziwu unacokera

M'masitolo a m'matauni msuzi wa mtundu umenewu umagulitsidwa m'mabotolo pa mtengo wokwera, ndipo umachedwa barbecue sauce. Liu limeneli silinayambire ku England ai. Anthu a ku Spain atafika pa zisumbu za Caribbean, kuyambira paulendo wa Christopher Columbus wa mu 1492, anapeza eni dziko ali ndi nsanja za timitengo zimene anali kuwambirapo nsomba ndi nyama, monga momwe alenje a kuno amawambira nyama kuchire. Nsanjayo anali kuichula barbacoa, ndipo mlembi wina wa ku Spain, Gonzalo Fernández de Oviedo, analemba liulo m'buku lake la mu 1526.

Kumwera kwa United States nchito yowamba nkhumba zathunthu pamwamba pa maenje a makala inali kugwiridwa makamaka ndi akapolo ocokera ku Africa ndi zidzukulu zao. Msuzi wao wakale sunali ndi matimati. Unali wa viniga, mcere ndi tsabola, ndipo kum'mawa kwa North Carolina amaukondabe motero kufikira lero. Ku South Carolina amathiramo njere zopera za mpiru, ndipo msuziwo umaoneka wacikasu. Ku Decatur, m'cigawo ca Alabama, Bob Gibson anayamba kugulitsa nyama yowamba mu 1925, ndipo anachuka ndi msuzi woyera wopaka pa nkhuku. Msuzi wofiira, wolimba ndi wotsekemera ndi manyuci a nzimbe, umene udziwika m'maiko ambiri, ndi wa mzinda wa Kansas City. Kampani ya Heinz, imene inayamba kugulitsa msuzi wa matimati mu 1876, inayamba kuika msuzi wa zoocha m'mabotolo mu 1940.

Mbiri imeneyi iphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, msuziwu unapangidwa m'makomo kwa zaka zambiri usanalowe m'botolo la m'sitolo, ndipo dera liri lonse linagwiritsa nchito zimene linali nazo pafupi. Cimene cifunika ndi kuti zokometsera zinai zikumane pamuyeso woyenera: cowawasa, cotsekemera, mcere ndi kuwawa kwa tsabola. Caciwiri, mbeu zambiri zimene zimaochedwa ndi msuziwu ziri kale m'minda ya kuno. Cimanga, matimati, maungu, tsabola, mbatata ndi nshawa zonse zinacokera ku America ndipo zinafika mu Africa ndi zombo za amalonda, makamaka Apwitikizi. Impwa ndi bwemba ndi za mu Africa muno kuyambira kale.

Cifukwa cake zoocha zimakoma

M'midzi yambiri kuocha kumaonedwa ngati nchito ya anyamata a kubusa, ndipo coocha ciri conse cimayesedwa congosewera naco pakamwa poyembekeza nsima. Cifukwa cake ncodziwika: zoocha nzouma, ndipo mbamu ya nsima siitsika kukhosi popanda msuzi. Vuto limeneli ndilo limathetsedwa ndi msuzi wa matimati.

Moto wa makala umacita zimene madzi sangathe. Madzi owira sapitirira madigiri 100 pa kutentha, koma kuti cakudya cifiire ndi kununkhira pafunika madigiri 140 kapena kuposerapo. Pamenepo shuga wacibadwa wa m'cakudya amasakanikirana ndi zomanga thupi ndi kutulutsa fungo lija la dowe woocha. Wasayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza zimenezi mu 1912. Ndiponso moto umacotsa madzi ena, motero kukoma kwa dzungu kapena anyezi kumasonkhana pamodzi.

Palinso phindu la thanzi. Ndiwo zikawiritsidwa nthawi yaitali ndi kutaya madzi ake, vitamini C wambiri amatayika pamodzi ndi madziwo. Soda kapena cidulo, zimene zimathiridwa mu therere, zimaononganso mavitamini ena. Therere loocha silifuna soda. Maungu ofiira mkati, mbatata yofiira mkati ndi cimanga ca mtundu wa lalanje, cimene cinayamba kuperekedwa kwa alimi a m'Zambia mu 2012, ziri ndi zopangira vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi pa matenda. Thupi limalandira bwino vitamini ameneyu ngati m'cakudya muli mafuta pang'ono kapena nsinjiro. Kafukufuku wa za umoyo wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, ana 35 anali opinimbira. Motero njira iri yonse yokopera mwana kudya zam'munda zamitundumitundu siyenera kupeputsidwa.

Msuzi wa tsiku limodzi

Wa banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ufuna izi: matimati akupsa 6, anyezi wamkulu mmodzi, masupuni aakulu 2 a mafuta ophikira, masupuni aakulu 2 a shuga kapena uci, masupuni aakulu 3 a viniga, theka la supuni yaing'ono ya mcere, ndi tsabola wa mpiripiri mmodzi. Adyo ndi jinja zingaonjezedwe ngati ziripo.

Mai ayambe ndi kutsuka matimati m'madzi aukhondo. Kuyambira mu 2016, pamene kambozi koboola masamba ndi zipatso kochedwa Tuta absoluta kanafika m'Zambia, alimi ambiri amapopera mankhwala kawirikawiri. Cotero mlimi ayenera kuyembekeza masiku olembedwa pa botolo la mankhwala asanathyole, ndipo wophika asaiwale kutsuka. Atatsuka, aike matimatiwo pamakala athunthu, pamodzi ndi anyezi wosasenda, kufikira khungu litang'ambika ndi kuda. Akazizira pang'ono awasende ndi kuwasinja mumtondo woyera. Kuocha koyambaku ndiko kumapatsa msuzi fungo la utsi limene opanga a m'mafakitale amacita kuthira.

Kenaka atenthetse mafuta mumphika, athiremo zosinjazo ndi mcere, ndi kuphika pamoto wocepa mphika uli wosavundikira. Atakase ndi mthiko kawirikawiri. Madzi akaphwa kufika theka, athire shuga ndi viniga, naphikenso kufikira msuzi utalimba kotero kuti mthiko ukadutsa pansi pa mphika usiya kanjira kosatsekeka msanga. Nchito yonseyi imatenga mphindi 30 kapena 40. Pomaliza alawe. Ngati wawawasa kwambiri aonjeze shuga pang'ono. Ngati watsekemera ngati jamu aonjeze cowawasa.

Kumene kulibe viniga, madzi a ndimu limodzi lalikulu akwana. M'cigwa ca Luangwa ndi m'madera ena otentha muli bwemba: zipatso zake zodzaza dzanja ziviikidwe m'kapu ya madzi otentha, zifinyidwe ndi kusefedwa. Ufa wa malambe ugwiranso nchito yomweyo. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene mango akuolera pansi pa mitengo, mango awiri akupsa angalowe m'malo mwa shuga. Tsabola wowawa athiridwe m'gawo la akulu lokha, ndipo cakudya ciri conse cokhala ndi uci cisapatsidwe kwa mwana wosakwana caka cimodzi.

Msuzi umenewu ndi wa tsiku lomwelo. Ukatsala uwiritsidwenso m'mawa ndi kudyedwa tsiku laciwiri lisanathe. Usagonekedwe mumphika wacitsulo kapena wa aluminiyamu, pakuti zowawasa zimadya citsulo ndipo msuzi umasintha kakomedwe.

Kuyanika matimati

Njira yapafupi ndi yosaopsa yosungira matimati ndiyo kuwayanika, monga momwe amai amafutsira masamba a nyemba ndi a maungu. M'matimati atsopano, magawo oposa 90 mwa 100 ndi madzi. Ncifukwa cake amaola msanga, ndipo ncifukwa cakenso dengu lathunthu, likauma, limakwana m'citini cimodzi.

Dzuwa la Okutobala ndilo loyenera nchito imeneyi. Asankhidwe matimati akupsa koma olimba, opanda bala kapena cuku. Adulidwe mopyapyala, awazidwe mcere pang'ono ndi kuyalidwa pa mphasa yoyera kapena pa lichero pamwamba pa thandala, kutali ndi nkhuku, agalu ndi fumbi. Pamwamba pake pafunika nsalu yopyapyala yochinga nchenche, yokwezedwa ndi timitengo kuti isakhudze matimatiwo. Madzulo alowetsedwe m'nyumba. Pakapita masiku atatu kufikira asanu amakhala ouma, ndipo akafinyidwa pakati pa zala satulutsa madzi. Ena amawasinja kukhala ufa. Asungidwe m'citini kapena m'botolo louma lotsekeka bwino, pamalo amdima, ndipo aziyang'anidwa mvula ikayamba. Amene aonetsa cuku atayidwe.

M'dzinja, matimati ouma odzaza manja awiri akaviikidwa m'madzi otentha kwa theka la ola ndi kusinjidwa amalowa m'malo mwa matimati 6 aja. Msuzi wake umakhala wakuda pang'ono ndi wonunkhira koposa wa matimati atsopano.

Kusunga msuzi m'mabotolo

Njira yaciwiri ifuna kusamala kwambiri, ndipo miyeso yake siyenera kusinthidwa. M'botolo lotsekedwa, mopanda mpweya, mungakule tizilombo totulutsa ciphe coopsa ca matenda ochedwa botulism, cimene sicioneka ndi maso ndipo kawirikawiri sicinunkha. Tizilombo timeneti sitikula m'cakudya cowawasa mokwanira. Matimati okha sawawasa mokwanira nthawi zonse, ndipo anyezi ndi tsabola sizowawasa konse. Motero msuzi wosunga ufuna viniga wa m'sitolo wolembedwa 5% pa botolo lake. Ndimu, bwemba ndi malambe sizingalowe m'malo mwake pano, pakuti mphamvu yao imasiyana mtengo ndi mtengo.

Muyeso wake ndi uwu: matimati aakulu 24, amene akadulidwa amadzaza makapu 16, makapu 2 a anyezi wodula, kapu imodzi ndi theka ya tsabola wosawawa, mpiripiri 2, timano 2 ta adyo, kapu imodzi ya shuga, supuni yaikulu imodzi ya mcere, ndi kapu imodzi ndi kota ya viniga. Mafuta, nsinjiro, mango kapena ufa zisathiridwe m'msuzi wosunga. Matimati, anyezi ndi tsabola ziphikidwe kwa theka la ola, zisefedwe pa sefa, ndi kuphikidwanso kufikira zitaphwa theka. Pamenepo zotsalazo zithiridwe, ndipo msuzi uphikidwe pamoto wocepa kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Umatuluka pafupifupi malita awiri.

Mabotolo akhale agalasi, aang'ono osapitirira theka la lita, opanda mng'alu, okhala ndi zotsekera zacitsulo zosacita dzimbiri ndiponso za mphira wabwino mkati. Botolo limene linakhalamo mankhwala a mbeu, a ziweto kapena parafini lisagwiritsidwe nchito ngakhale litatsukidwa kangati. Mabotolowo awiritsidwe, ndipo msuzi uthiridwe uli wotentha, kusiya mpata wa cala cimodzi pamwamba. Atapukuta kukamwa kwa botolo ndi kutseka, mai aimike mabotolowo mumphika waukulu woyalidwa nsalu pansi, athire madzi otentha kufikira atamiza zotsekera, ndi kuwiritsa kwa mphindi zosacepera 30 kuwerengera pamene madzi ayamba kubwadamuka. Madera ambiri a Cigawo ca Kum'mawa ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo pamtunda wotero madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97 cabe. Ncifukwa cake nthawiyo siyenera kufupikitsidwa.

Mabotolo akazizira, cotsekera cabwino cimalowa mkati pang'ono ndipo sicilira cikadinidwa. Botolo limene silinagwire lidyedwe msanga. Patsiku lotsegula, ngati cotsekera catupa, msuzi ukutuluka thovu kapena wasintha fungo, utayidwe m'cimbudzi osalawa, ndipo usapatsidwe ngakhale kwa nkhumba.

Moto woochera

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Colakwa cofala pa kuocha ndico kuika cakudya pa malawi. Malawi amadetsa kunja mkati muli mwauwisi, ndipo amasiya mwaye wowawa. Woocha ayembekeze kufikira makala atafiira ndi kuvala phulusa loyera. Kuti adziwe mphamvu ya moto, aike dzanja pamwamba pa waya pa utali wa cikhatho cimodzi: akatha kuwerenga kufika pa zinai kapena zisanu asanalicotse, motowo uli bwino. Makala aunjikidwe mbali imodzi, kuti cimene cayamba kupserera cisunthidwire mbali yozizirirapo.

Sipafunika kudula mtengo cifukwa ca nchito imeneyi. Makala otsala pamafuwa nsima itaphikidwa akwana kuochera ndiwo za banja, ndipo zitsononkho zouma za cimanga zimapereka makala abwino a kanthawi kocepa. Zoyenera kupewa ndi matabwa opakidwa utoto, mitengo yonyikidwa m'mankhwala a ciswe monga ya magetsi ndi ya mpanda, mapepala apulasitiki ndi mphira, pakuti utsi wake umalowa m'cakudya. Waya wonyezimira wa mpanda ndi mashelefu a firiji yakale nzokutidwa ndi zitsulo zina zimene zimasungunuka pamoto, cotero ncanzeru kugwiritsa nchito waya wacitsulo wamba, wopalidwa bwino ndi kupakidwa mafuta.

Mvula ikagwa, ambiri amalowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka citseko. Makala oyaka amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, umene umagonetsa munthu tulo tosadzukanso. Kuocha kucitikire pakhonde kapena m'khichini yopita mphepo, ndipo ana aang'ono akhale patali ndi moto.

Ndiwo iri yonse ndi nthawi yake

Dowe ndiye wosavuta. Asendedwe ndi kuikidwa pa waya kapena kutsamiritsidwa m'mbali mwa makala, natembenuzidwe kawirikawiri kwa mphindi 10 kufikira 15. Wothyoledwa tsiku lomwelo ndiye wotsekemera, pakuti shuga wa m'njere amayamba kusanduka ufa cimanga cikangocoka pa phesi.

Mabilingano adulidwe m'magawo onenepa ngati cala, awazidwe mcere ndi kusiyidwa kwa mphindi 20 kuti atulutse madzi. Atapukutidwa ndi kupakidwa mafuta pang'ono, mbali iri yonse imapsa pa mphindi zinai kapena zisanu. Mafuta apakidwe ndi nthenga yoyera kapena ndi khoko la cimanga. Supuni imodzi ikwana mbale yathunthu, pamene kukazinga mabilingano omwewo kungamwe mafuta a sabata yonse. Impwa zing'ambidwe pakati ndi kutungidwa pa kamtengo ka nsungwi koviikidwa m'madzi. Moto umacepetsa kuwawa kwake, ndipo kumene kwatsala kumagwirizana bwino ndi kutsekemera kwa msuzi.

Therere lobala lisankhidwe lanthete, losapitirira utali wa cala. Lisadulidwe, koma litungidwe lathunthu pa timitengo tiwiri toyendera limodzi kuti lisazungulire potembenuza. Limapsa pa mphindi zisanu ndi zitatu kapena kuceperapo, ndipo silinanda monga la mumphika, cimene cimakopa ana ena amene amakana therere.

Tsabola wamkulu wosawawa aochedwe wathunthu kufikira khungu lonse litada, kenaka avundikiridwe mumphika kwa mphindi 10. Nthunzi yake imafewetsa khungu ndipo limasendeka ndi zala. Anyezi adulidwe m'magawo onenepa ozungulira, kapena akwiriridwe wathunthu m'phulusa lotentha.

Dzungu ndi mbatata nzolimba ndipo zimacedwa. Dzungu lidulidwe m'magawo opyapyala ndi kuwiritsidwa kwa mphindi zisanu lisanapite pa waya. Mbatata ikwiriridwe m'phulusa lotentha kwa mphindi 40 kapena kuposerapo, ing'ambidwe pakati, ndipo mbali yong'ambikayo iikidwe pa waya kanthawi kocepa. Njere za dzungu zisatayidwe: zikakazingidwa ndi mcere ndi kusinjidwa zingawazidwe pamwamba pa ndiwo. Bowa wa m'dzinja aochedwe ngati ali wa mtundu umene akulu a pamudzi audziwa bwino, ndipo apse ndithu kufikira mkati.

Nthawi yopaka msuzi

Apa ndipo ambiri amaononga nchito yao. Msuziwu uli ndi shuga, ndipo shuga amapserera msanga pamakala. Ukapakidwa poyamba, ndiwo zimada ndi kuwawa zisanapse. Lamulo lake nlakuti ndiwo ziochedwe ndi mafuta ndi mcere wokha kufikira zitafewa, ndipo msuzi upakidwe m'mphindi ziwiri kapena zitatu zomaliza, mopyapyala, mbali imodzi kenaka inayo, ndiwozo ziri ku mbali ya moto wocepa. Ukayamba kunyezimira ndi kumata, zicotsedwe. Mbali iri yonse imene yasanduka khala ipalidwe ndi kutayidwa.

Msuzi ugawidwe pawiri kuocha kusanayambe. Gawo laling'ono ndi lopaka. Gawo lalikulu lisungunulidwe ndi kapu ya madzi owira, lithiridwe masupuni awiri a nsinjiro ndi kuwiritsidwa kwa mphindi 10. Ndiwo zoochazo zidulidwe ndi kusakanizidwa m'menemo. Imeneyi ndiyo mbale yopita pamphasa pamodzi ndi nsima. Wa mwana wamng'ono, dzungu kapena mbatata ipotedwe bwino ndi msuzi wa nsinjiro wopanda tsabola.

Patsiku limene pali nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, kugawa kumeneku kumatetezanso ku matenda. Msuzi umene wakhudza nyama yaiwisi usabwerere m'mbale ya patebulo, ndipo mpeni ndi thabwa zodulira nyama zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze ndiwo zam'munda. Nyama ya nkhumba ipse kufikira pafupa, popanda kufiira mkati, ndipo imene iri ndi timatuza toyera tonga mpunga isadyedwe, pakuti ndito timabala njoka za m'mimba. Nyengo ya dowe ndiyonso nyengo ya kolera, monga dziko linaonera pa mliri wa mu 2023 ndi 2024. Kusamba m'manja ndi sopo, kuphika ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, ndi kudya zoocha zikali zotentha ndiwo malamulo osayenera kuphwanyidwa.

Zoyenera kukonzekera

Nchito imeneyi imayamba miyezi inai dowe asanache. Banja limene liri ndi dimba lipatule dengu limodzi pa madengu asanu ali onse a matimati a m'cirimwe kuti liyanike, ndipo lisadikire kuti matimatiwo ayambe abwerera kumsika, cifukwa ofewa sauma bwino. Limene liribe dimba ligule pamene mtengo watsika. Bwemba ndi malambe zitoledwe m'nyengo yake ndi kusungidwa pouma. Amai a m'makalabu angasonkherane viniga ndi shuga, kubwerekana mphika waukulu ndi kuphika tsiku limodzi, pakuti nkhuni zowiritsira mabotolo anai ndi zomwezo zowiritsira khumi. Pa botolo ndi pa citini ciri conse palembedwe mwezi ndi caka, ndipo zonse zidyedwe matimati a cirimwe cotsatira asanapse.